Za Chopereka cha Anthu Ogwira Ntchito Pamodzi

M'dziko lathu lino la Kasungu ambiri a ife tidya thukuta la fodya. Ena tisoka masamba m'zigafa, ena tisonkhezera moto m'mabalani usiku wonse, ena tisankha fodya ndi kudinda mabelo opita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Ndipo kawirikawiri timva anthu a pa esiteti imodzi ali kunena kuti, Tiyeni tisonkhe kanthu, tithandize osowa. Mau amenewa ngokoma. Koma taona zopereka zina zoyamba ndi nyimbo zili kutha ndi milandu. Chifukwa chake mwezi uno tiphunzire makonzedwe ake.

1. Kusankha kumene tidzapereka. Osowa ngambiri, ndipo thumba lathu nlaling'ono. Tikaligawa ponseponse palibe adzakhuta. Tisankhe malo amodzi chaka chimodzi, ndipo akhale apafupi, kuti mapazi athu akafike ndi maso athu akaone. Kuno sitisowa malo otere. Pa Chilanga, pamene Dr George Prentice wa ku Livingstonia anayamba misyoni m'chaka cha 1900, pali sukulu ya ana osaona. Ana amenewa awerenga ndi zala malembo a timadontho tisanu ndi kamodzi, amene Louis Braille wa ku France anawatulutsa m'chaka cha 1829, ndipo afuna mapepala olimba ndi zolembera zake. Palinso chipatala cha St Andrew's ku Mtunthama ndi cha ku Nkhamenya. Titume anthu awiri akafunse eni ake chimene chiwasowa, pakuti wodwala ndiye adziwa popweteka. Akabwera, onse asonkhane, aliyense akweze dzanja pa chimene afuna. Kapitao ali nalo dzanja limodzi, monganso mnyamata wotunga madzi a ku nazale.

2. Kusonkha kwake. Pa esiteti anthu salandira mofanana. Kalaliki ndi woyendetsa thirakitala alandira pakutha pa mwezi. Waganyu alandira za tsiku lomwelo. Mlimi wamng'ono adikira kufikira msika utatsegulidwa m'mwezi wa April. Tsono nkulakwa kuika muyeso umodzi pa onse. Aliyense anene yekha chimene akhoza, ndi nthawi imene adzachipereka; wopanda ndalama abwere ndi ndowa ya chimanga kapena mtedza. Mwini ntchito asadule malipiro a munthu popanda mwiniyo kuvomera, ndipo kapitao asasunge mumtima dzina la amene sanapereke. Chopereka chotengedwa ndi mantha chasanduka msonkho. Tisapeputse zazing'ono. Tiyerekeze antchito 40 aponya K500 aliyense mwezi ndi mwezi: pa mwezi ipezeka K20,000, ndipo chaka chikatha yakwana K240,000. Mutu umodzi susenza denga.

3. Kusunga kwake. Apa ndipo pagona ngozi. Munthu mmodzi asasunge thumba yekha, angakhale ali mkulu wa mpingo. Sitinena kuti ndi mbala, koma njala ikafika m'nyumba mwake tamuika m'chiyeso, ndipo mbiri yake yabwino tayitaya ndife. Pakhale atatu: wolandira, wolemba m'buku, ndi wowerenga. Ndalama ziikidwe ku banki m'dzina la gulu, ndipo zisatuluke popanda anthu awiri kusaina. Buku liwerengedwe mokweza mwezi uliwonse, kuti osadziwa kuwerenga amvenso. Nzeru imeneyi si yatsopano. Mtumwi Paulo, posonkhera osauka a ku Yerusalemu, anauza Akorinto kuti aziika padera kanthu sabata ndi sabata, ndiponso kuti asankhe okha anthu okhulupirika otenga mphatsoyo. Iye sanafune kuinyamula yekha, kuopa kunenezedwa.

4. Nthawi yake. Ndalama ya fodya ifika pamene chimanga changokololedwa ndipo mtengo wake uli pansi. Koma usiwa ukula m'January ndi m'February, nkhokwe zitauma. Akulu akumbukira njala ya m'chaka cha 2002, imene inapweteka Kasungu koposa, m'miyezi yomweyi. Ngati tsono atipempha chakudya, tigule matumba a makilogalamu 50 m'June, tithire mankhwala a anankafumbwe, tikapereke dzinja likafika. Potero ndalama yomweyo idyetsa ana ambiri.

5. Kubwera ndi mau. Otumidwa atenge kalata yosonyeza zimene zalandiridwa, nakaiwerenge pamaso pa onse. Munthu amene wamva kumene K500 yake inafika adzaperekanso chaka chamawa. Koma amene sanamve kanthu adzabisa dzanja lake, ndipo sitidzamtsutsa. Tikapitenso kukacheza nawo amene tawathandiza, tidziwe maina awo, pakuti makolo anati kupatsa nkuika.

Mafunso okambirana m'mudzi:
1. Chifukwa ninji kapitao sayenera kusankha yekha?
2. Waganyu wopanda ndalama apereke chiyani?
3. Thumba la pantchito panu asunga ndani, ndipo buku lake munalimva liti likuwerengedwa?