Phunziro la Mwezi Uno: Maseŵero a pa Kanema ndi Mkazi Wogwiriridwa

Kale, anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa Rivirivi ankazungulira wailesi kumvera seŵero la Kapalepale. Wailesi ya kanema ya boma idayamba m'chaka cha 1999, ndipo posakhalitsa Manganya wa mu Tikuferanji tidamdziŵa ngati mnansi wathu. Lero pa Balaka, pa Ulongwe ndi pa Liwonde pali tinyumba toonetsera kanema, m'mene mafilimu a maiko ena amaonetsedwa atamasuliridwa m'Chicheŵa. Maseŵero atiphunzitsa zambiri zabwino, makamaka za Edzi. Koma pali nkhani imodzi imene maseŵero ndi mafilimu ena, a kuno ndi a kunja omwe, amaionetsa mokhota. Nkhaniyo ndi ya mkazi wogwiriridwa.

Taonani m'mene zimayendera. Choipa chisanachitike, kanema imayamba yationetsa siketi yaifupi ya mtsikanayo, kapena iye ali pa malo omwera moŵa, kapena akunyozera malangizo a mai ake. Tsoka likamgwera, woonera wakonzeka kale kunena kuti, "Waziputa yekha." Womgwirirayo amakhala chigaŵenga chachilendo chobisalira pa tchire usiku. Mtsikanayo amakuwa, kulimbana, zovala n'kung'ambika. Pambuyo pake amachita misala kapena kudzipha, seŵero n'kumtaya pomwepo kuti litsate manyazi a bambo ake ndi mkwiyo wa mlongo wake. Penanso amapezeka kuti ankangonamizira munthu wosalakwa. Koma kumuona akuloŵa pa khomo la chipatala m'maŵa mwake, zimenezo n'zosoŵa.

Mwina mufunsa kuti, kodi a zaumoyo zikuŵakhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa mafunso amene seŵero limadzala m'mutu mwa woonera ndi omwewo amene mwana amakumana nao pa khomo: "Unkafunanji kumeneko? Unavala chiyani? Bwanji sunakuwe?" Mwana amene akudziŵa kuti adzafunsidwa motero amasankha kukhala chete.

Tiyambe ndi zovala. Kuyambira 1973 mpaka pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha, lamulo linkaletsa akazi m'dziko muno kuvala buluku ndi siketi zazifupi. Achikulire akukumbukira bwino. Kodi m'zaka zonsezo mabwalo adaleka kuŵeruza milandu ya kugwirira? Ai ndithu. Mu Okotobala 2019 amai ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, m'boma la Lilongwe, adachitidwa chipongwe ndi apolisi ali m'midzi mwao momwe. Mu Ogasiti 2020 Bwalo Lalikulu lidalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipepeso. Sadali pa malo omwera moŵa amai amenewo.

Nanga chigaŵenga cha pa tchire chija? Chilipo, koma nthaŵi zambiri wolakwa amakhala munthu wodziŵika: chibwenzi, mnzake wa ku sukulu, mnansi, ngakhale mbale wodyera naye mbale imodzi. Kafukufuku amene boma lidachita m'chaka cha 2013 adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi aŵiri alionse, adachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Anyamatawo m'maseŵero simuŵaona, ndipo akaoneka amasanduka chosekedwa.

Funso loŵaŵa koposa ndi lija lakuti, "Bwanji sunakuwe?" Pa kanema munthu amakuwa chifukwa kukuwako kumakometsa seŵero. Thupi leni leni silichita motero nthaŵi zonse. Amene mudapezanapo ndi mphiri pa njira ya ku dimba mukudziŵa kuti mantha aakulu amaumitsa miyendo ndi kutseka pakhosi, munthu n'kungoti kakasi. Madokotala a ku Stockholm, m'dziko la Sweden, adafalitsa m'chaka cha 2017 zimene adapeza kwa amai 298 amene adabwera ku chipatala atagwiriridwa. Amai 7 mwa 10 alionse adanena kuti thupi lidaŵauma, osatha kulimbana kapena kutulutsa mau. Tsono kusakuwa sikuvomera. Kusoŵa kwa mabala sikuvomeranso. Ndipo wina amafotokoza nkhani yake maso ali gwa, osagwetsa msozi, pamene wina amasokoneza chiyambi ndi mathero. Onsewo angathe kukhala akunena zoona.

Apa mpamene pagona phunziro lathu, ndipo tiŵerengere limodzi maola. Pali mankhwala otchedwa PEP, oteteza munthu kuti kachilombo ka HIV kasakhazikike m'thupi mwake. Amamwa masiku 28, koma ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu. Tiyerekeze kuti mwana wagwiriridwa Lachisanu usiku. Loŵeruka akubisa poopa mafunso aja. Lamulungu waulula, koma banja likudikira amalume kuti adzamve nkhani. Lolemba akuluakulu akukambirana za mbuzi kapena ndalama kuti zithere pa mudzi. Pofika Lolemba usiku maola 72 atha, ndipo palibe mbuzi imene ingaŵabweze.

Choncho yambani ndi chipatala, tsiku lomwelo, osadikira amalume kapena kalata ina iliyonse. Pitani ku chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, kapena ku chipatala cha boma pa Balaka, kapena cha Machinga chimene chili pa Liwonde. Kupatula PEP, kuli mapiritsi oletsa kutenga pathupi, amene amagwira ntchito mpaka masiku asanu koma amathandiza kwambiri akamwedwa msanga. Kulinso mankhwala a matenda ena opatsirana pogonana ndi chithandizo cha mabala. Ngati n'kotheka, wovulazidwayo asasambe, ndipo zovala zake zisachapidwe. Zikulungeni m'pepala, osati m'jumbo ya pulasitiki. Koma ngati wasamba kale, kapena masiku atatu apita, apitebe, pakuti chithandizo china chikadalipo. Zimene dokotala alemba zimakhala umboni ku bwalo la milandu. Ku polisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo za mwana mungathe kuimba kwaulere pa nambala 116. Kugwirira ndi mlandu waukulu umene chilango chake chingafike pokhala m'ndende moyo wonse. Si mlandu wothera pa bwalo la mfumu.

Inu mai, inu bambo, inu agogo, mau oyamba amene mwana amve kwa inu akhale akuti, "Ndakumva mwanangu, sunalakwe, tiye ku chipatala." Mafunso ena adzafunsa ndi amene ntchito yao ndi kufunsa.

Pomaliza, pempho kwa magulu a zisudzo a m'midzi ndi a m'sukulu amene amaseŵera pa tsiku la sikelo ndi pa misonkhano ya zaumoyo. Mukadzakonza seŵero la nkhani imeneyi, mtsikanayo avale chitenje monga amavalira tsiku lililonse, wolakwayo akhale munthu amene mudzi wonse umamlemekeza, ndipo pakhale gawo loonetsa azakhali ake akumkweza pa njinga m'mamaŵa, ulendo wa ku chipatala.