PHUNZIRO 17: THUMBO LIKATULUKA

Mwana wakhala nthawi yaitali akudzikakamiza pochita chimbudzi. Mayi akuona kanyama kofiira ndi konyowa katatuluka kumatako. Ili ndi thumbo lakumapeto. Latembenuka monga umachitira mkono wa malaya povula.

Ena amati mwana walodzedwa. Si ufiti ayi. Nthendayi imagwira kwambiri ana osapitirira zaka 4, ndiponso okalamba. Imadza mwana akatsegula m'mimba masiku ambiri, akadzimbidwa, akakhala ndi njoka za m'mimba, kapena akadwala chifuwa chokoka mtima. Mwana woonda chifukwa chosowa zakudya ndiye amavutika msanga, pakuti minofu yogwira thumbo imafooka.

Tichite chiyani? Sambani m'manja ndi sopo. Gonekani mwana chafufumimba, matako ali m'mwamba. Tsukani thumbolo ndi madzi oyera ofunda. Pakani Vaseline pa zala, ndipo likankheni pang'onopang'ono mpaka libwerere. Ngati latupa, waziranipo shuga ndi kudikira mphindi 15. Shuga amakoka madzi, chotupa nkuphwa. Musateme mphini. Musaikepo phulusa kapena zitsamba.

Likakana kulowa, likayamba kuda, kapena magazi akamatuluka kwambiri, musagone naye mwanayo. Fungani thumbolo ndi kansalu koyera konyowa, thamangani naye ku chipatala cha Ulongwe. Ngakhale litalowa bwino, pitani ndithu. Kumeneko amafufuza chimene chayambitsa, ndi kupereka mankhwala a njoka kapena a m'mimba. Ana ambiri amachira popanda opaleshoni akayamba kudya bwino. Phala likhale lotendera nsinjiro. Nyemba, mazira ndi ndiwo zamasamba tili nazo kuno ku Angonia. Tisamagulitse zonse pamsika, mwana nkumadya nsima ya mchere. Kwa akulu nzosiyana: kawirikawiri pamafunika opaleshoni, ndipo manyazi ndiwo amawachedwetsa.

Alimi anzathu a m'koperativa, nkhumba nazonso zimatuluka thumbo. M'miyezi ya Juni ndi Julaye zimasanjikizana chifukwa cha chisanu, yapansi nkupanikizika pamimba. Kutsokomola ndi madeya a chuku zimachititsanso. Ipatuleni msanga yodwalayo, pakuti zinzake zimaluma thumbolo. Itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. M'khola muikemo udzu wouma, ndipo mutseke mbali yochokera mphepo.

MAFUNSO

1. Nchiyani chimafooketsa minofu ya mwana?
2. Thumbo likayamba kuda, mudzatani?
3. Lembani mawu awa: thumbo, nsinjiro, chuku.