Zomera Zigawidwe Zili M'manja

Wofunsa: Achikulire, ana anga a sekondale amaloweza magulu a zomera bwinobwino, koma ndikawapatsa tsamba lenileni amangokanda mutu. Ndiyambire pati?

Mlangizi: Yambirani panja, aphunzitsi, bolodi libwere pambuyo. Atumeni akazule mbande ya chimanga ndi ya nyemba, mizu ili pomwepo. Abweretsenso nthambi ya paini, tsamba la fern la m'mbali mwa mtsinje ndi moss, ndere zofewa zija zomera pa njerwa zonyowa. Chomera chilichonse achifunse mafunso atatu.

Wofunsa: Mafunso ake ndi oti chiyani?

Mlangizi: Loyamba: kodi chili ndi mitsempha yoyendetsa madzi? Moss alibe, n'chifukwa chake amangoyala pansi pamalo achinyontho. Gulu lake ndi bryophytes. Lachiwiri: kodi chimabereka njere? Fern ali nayo mitsempha koma njere alibe. Atembenuze tsamba lake aone timadontho toderako, momwe mumachokera spores. Amenewo ndi pteridophytes. Lachitatu: njereyo ili poyera kapena m'chipatso? Paini wa ku Chikangawa ndi mkungudza wa ku Mulanje njere zake zimakhala m'makoni, ndiwo gymnosperms. Zochita maluwa n'kubereka zipatso ndi angiosperms, gulu lalikulu kuposa onse.

Wofunsa: Chimanga ndi nyemba zonse zimachita maluwa. Azisiyanitsa bwanji?

Mlangizi: Aviike njere zake m'madzi usiku umodzi. Nyemba imagawika pawiri chifukwa ili ndi cotyledon ziwiri, ndiye dicot. Chimanga chili ndi imodzi, ndiye monocot. Kenako aone masamba ndi mizu. Mitsempha ya tsamba la chimanga imayenda mondondozana, mizu yake ndi yanyenyeswa. Mitsempha ya tsamba la nyemba imalukana ngati ukonde, ndipo pali muzu waukulu wolunjika pansi.

Wofunsa: Ndiye tsamba lokha ndi lokwanira?

Mlangizi: Ayi, pamenepo ndi pogwera ambiri. Koko ndi chilazi ndi monocot, koma mitsempha ya masamba ake ndi yolukana. Msinkhu nawonso umanyenga: nsungwi yaitali ija ili m'banja limodzi ndi chimanga, mpunga ndi nzimbe. Musaiwale kusakanizamo bowa. Mwana akauika pambali n'kunena kuti si chomera chifukwa sudzipangira chakudya, ndiye kuti wamva.

Wofunsa: Nanga mayina a Chilatini aja, amene amawaopa?

Mlangizi: Abwere pomaliza. Auzeni kuti Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa mu 1753 dongosolo la mayina awiri, loyamba la genus, lachiwiri la species, monga Zea mays pa chimanga. Mayina ochepa a mbewu zakumunda kwawo ndi okwanira poyambira.

Wofunsa: Ndidzadziwa bwanji kuti phunziro lalowa?

Mlangizi: Apatseni chomera chomwe simunaphunzitsepo, monga anyezi kapena chisoso, atchule gulu lake ndi zifukwa ziwiri. Malikisi ambiri muwaike pa zifukwazo.