Napolo Timamuyeza Bwanji? Mafunso ndi Mayankho

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Migowi, m'boma la Phalombe. Akuti, akatswiri mumadziwa bwanji kukula kwa napolo pomwe inu panalibe pamene ankadutsa?

Katswiri: Zikomo bambo. Timakwera kukayeza pamene phiri lagumuka, mulitali, mulifupi ndi kuya kwake, n'kuchulukitsa. Kenako timayeza mulu wa miyala ndi matope umene waunjikana kumunsi. Mulu wakumunsiwo kawirikawiri umaposa zimene zinagumuka, chifukwa napolo akamatsika m'khwawa amakokolola dothi, mitengo ndi miyala ya m'njira. Liwiro lake timalidziwira pokhota. Matope amakwera kwambiri kugombe lakunja kuposa lamkati, ndiye tikayeza mizere imene matope anasiya pamitengo ya mbali ziwirizo, timawerengera mmene ankathamangira. Zithunzi za setilaiti zimathandizanso.

Muulutsi: Mayi wina wa ku Zomba akufunsa kuti ndi mvula yochuluka bwanji imene imadzutsa napolo.

Katswiri: Nambala imodzi palibe mayi. Timayang'ana mphamvu ya mvula pa ola ndiponso masiku amene yakhala ikugwa. Mvumbi ukakhutitsa nthaka, mvula yamphamvu ya ola limodzi imakwanira. Kwanu ku Zomba zinachitika mu Disembala 1946.

Muulutsi: Iyi ndi ya mnyamata wa ku Chilobwe. Akuti wapeza puloti yotchipa m'munsi mwa phiri la Soche, pafupi ndi kakhwawa kouma, ndipo pali miyala ikuluikulu yoti aswe amangire maziko. Poti napolo anadutsa kale mu 2023, sangamange?

Katswiri: Achimwene, miyala imene yakusangalatsaniyo mwadzifunsa kuti inafika bwanji pamenepo? Ndimanena sabata ndi sabata pano. Mukaona miyala yaikulu ngati galimoto ili mbwee pamalo osatsetsereka kwambiri, pamene khwawa limatulukira m'phiri, dziwani kuti anaitula ndi napolo. Ife poyerekeza pamene napolo wotsatira angakafike, choyamba timatsata miyala yomweyo, kuona pamene yalekezera. Kenako timayerekeza kutalika kwa phiri ndi mtunda umene zogumukazo zinayenda, chifukwa napolo akakula amafikanso patali. Mzere umene timajambula pamapu umadutsa pa mapuloti otchipa ngati yanuyo.

Kuchepa kwa khwawa kusakunamizeni. Napolo amakhala ngati konkire yaiwisi, kulemera kwake pafupifupi kawiri kuposa madzi, n'chifukwa chake amanyamula miyala imene madzi wamba sangaisunthe. Akatseka yekha njira ndi miyala yake, amalumpha n'kutsegula ina. Ndinacheza ndi agogo ena m'munsi mwa phiri lina amene anandilozera mtengo wa mango wokhala ndi chipsera cha mwala pamwamba kuposa mutu wanga. Nyumba yawo inali kutali ndi khwawa, koma inapita.

Zoti anadutsa kale ndiye sabweranso, izi zisiyeni. Ku Phalombe phiri la Michesi linagumuka mu Malichi 1991, anthu mazanamazana anafa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakanthanso boma lomwelo, pamodzi ndi Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre. Khwawa limadzazanso pang'onopang'ono ndi miyala ndi dothi, makamaka tikamadula mitengo, kuotcha makala ndi kukumba dothi m'phiri. Ife tomwe ndi amene tikulidzaza msanga.

Ndipo inu nonse amene muli kale m'malo otere, mvula ikamagwa masiku angapo osaleka, mverani machenjezo a zanyengo ndi a DoDMA. Madzi a mumtsinje akaphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, kapena mukamva kugunda kochokera kuphiri, tulukani, siyani katundu. Musathawire kumunsi motsata khwawa, thawirani cham'mbali pokwera. Usiku mvula ili chomwecho kagoneni kwa abale kapena kusukulu. Puloti imeneyo achimwene musalipire, kaonaneni kaye ndi a khonsolo.

Muulutsi: Nthawi yatithera. Makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.