Tchipisi cha pachiwaya ndi jakisoni wa insulini

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimagulitsa m'shopu ina ku Limbe. Anandipeza ndi matenda a shuga ndili Fomu 2, ndipo mpaka lero ndimadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo, uja wosakaniza kale wooneka ngati mkaka. Ndili pakhomo amayi ankandiphikira. Panopa ndikukhala ndekha, ndimachoka kusanache n'kubwerera kutada.

Nthawi ya nkhomaliro anzanga amapita pachiwaya kukagula tchipisi ndi nkhuku. Ine ndimanama kuti ndakhuta. Tsiku lina ndinayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, kasitomala akudikira chenji. Koma ndikadya nawo, madzulo shuga amakhala atakwera. Palinso mnyamata wina amene tikudziwana. Anandiperekeza kokadya pizza, nditayeza patapita maola awiri zinali bwino, koma pakati pa usiku makina oyezera shuga anaonetsa 18. Za matendawa sindinamuuze. Amayi akuti zakudya zogula zidzandipha, ndizingodya mgaiwa ndi masamba. Ndichite bwanji?

Wothedwa nzeru, ku Limbe

Mwana wanga,

Pa zonse walembazi, chimene chandiopsa kwambiri ndi bodza lako lakuti wakhuta. Tchipisi chibwere pambuyo. Insulini wosakanizayo, amene ambiri amamudziwa kuti 70/30, ali ndi mbali ziwiri: ina imagwira msanga pa chakudya cha m'mawa, ina imayenda pang'onopang'ono n'kufika pachimake cha m'ma masana. Ukabaya m'mawa ndiye kuti walonjeza kale thupi lako nkhomaliro. Insuliniyo sadziwa kuti wachita manyazi ndi anzako, amangotsitsa shuga basi. Kunjenjemera kuja kunali kumeneko, ndipo munthu amatha kukomoka nako. Bola kudya tchipisi kusiyana ndi kukhala ndi njala uli ndi jakisoni m'thupi.

Amayi ako akunena mwachikondi, koma asokoneza pang'ono. Matenda akowa, mtundu woyamba wa shuga, sanabwere chifukwa cha zimene unkadya. Kapamba wako anasiya kupanga insulini, ndipo palibe ndiwo kapena ufa umene ungamudzutse. Mgaiwa ndi wabwino chifukwa cha gaga wake, koma ndi chimanga ndithu. Mitanda itatu ya mgaiwa ikweza shuga kuposa kambale kakang'ono ka tchipisi.

Ukaima pachiwaya, diso lako likhale pa zokhutitsa: kachewere, chinangwa, nthochi zokazinga, mpunga, nsima, buledi, mandasi, zitumbuwa. Izi ndi zimene zimasanduka shuga m'magazi. Nyama ya kanyenya, mazira, nsomba, kabichi ndi tomato zimakweza pang'ono chabe. Poti mulingo wa insulini wako susintha tsiku ndi tsiku, zokhutitsa za masana nazonso zisamasinthesinthe. Yerekeza ndi nsima imene unkadya kwanu shuga n'kukhala bwino, ndipo tchipisi chako chisapose pamenepo. Wogulitsa akatapa ndi chipande chake chachikulu chija, muuze achepetse, aonjezere kabichi, akuswere dzira kapena akupatse chidutswa cha nkhuku. Ngati mbale yadzadza kale, gawana ndi mnzako. Nkhuku yoviika mu ufa asanaikazinge uiwerengere ufawo, ndipo tomato sosi wa m'botolo amene anthu amathira mosaumira ali ndi shuga wake. Tchipisi ndi banzi ndi mandasi pa mbale imodzi, ayi. Sankha chimodzi.

Chimene chimapweteka ambiri ndi chakumwa. M'botolo la Coca-Cola la mamililita 300 muli shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8 ta tiyi, ndipo poti ndi wamadzi amalowa m'magazi nthawi yomweyo. Sobo, mahewu a m'mapaketi, thobwa lothira shuga, ngakhale juwisi wolembedwa kuti ndi wa zipatso zokhazokha, zonse n'chimodzimodzi. Imwa madzi, kapena zija zolembedwa kuti zilibe shuga. Komabe botolo la Coca-Cola lija lili ndi tsiku lake. Makina akaonetsa pansi pa 4, kapena pansi pa 70 ngati ako amawerenga manambala akuluakulu, imwa theka la botolo kapena sungunula timasupuni 4 ta shuga m'madzi. Dikira mphindi 15, yezanso, ndipo zikakhala bwino udye kanthu kokhutitsa. Chokoleti kapena tchipisi sizithandiza pamenepo, mafuta ake amachedwetsa shuga. M'chikwama chako musamasowe maswiti.

Za pizza zija usadziimbe mlandu, sunalakwitse kuyeza. Chakudya chamafuta ambiri chimakhalitsa m'mimba, choncho ufa wake umalowa m'magazi mochedwa, nthawi zina patapita maola anayi kapena kuposa, iwe utagona kale. Nthawi zinanso shuga amayamba watsika kenako n'kukwera. Tchipisi chonyowa ndi mafuta chimachitanso zomwezo. Ndiye ukadya zoterezi yeza patapita maola awiri, yezanso pogona, n'kulemba m'kabuku: ndinadya zidutswa zingati, nthawi yanji, makina anati chiyani. Ndikudziwa kuti timapepala toyezera n'todula. Ukakhala ndi tochepa, tisungire masiku amene wadya chachilendo. Ulendo wina idya zidutswa ziwiri ndi saladi, zotsalazo akukulungire.

Kabukuko upite nako kukiliniki ya shuga, kaya kuchipatala cha Queen Elizabeth kapena kumene umalandira mankhwala, ukawauze zoona zake: ndimadya pachiwaya, Loweruka ndimatuluka. Ambiri amakanena zosangalatsa adokotala, n'kupatsidwa mulingo wa moyo umene sakukhala. Kafunse ngati n'kotheka kukusinthira ku njira yobaya insulini wogwira msanga pa chakudya chilichonse, imene imalola munthu kusintha mulingo molingana ndi mbale yake. Koma usaonjezere mayunitsi pawekha poti waona 18, makamaka usiku, ndipo usadumphe jakisoni ngakhale tsiku limodzi. Shuga akakwera kwambiri n'kuyamba kusanza, m'mimba kupweteka, kapena kupuma mwabefu, thamangira kuchipatala osadikira kuti kuche.

Kanthu kamodzi kakang'ono ka madzulo: insulini wakoyo amabayidwa kutatsala pafupifupi theka la ola kuti udye. Kumalo odyera chakudya chimachedwa, magetsi amatha kuzima nkhuku ili pamoto. Usabaye uli m'minibasi poganiza kuti ukapeza zapsa. Itanitsa kaye, funsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ukabaya ukhale ndi bisiketi pafupi. Ngati pali mowa, dziwa kuti umatha kutsitsa shuga usiku uli m'tulo, choncho osamwa wopanda chakudya.

Tsopano mnyamatayo. Sindikuti umuyalire mbiri yonse pa tsiku limodzi, koma munthu amene umadya naye ayenera kudziwa chochita ukayamba kulankhula zosamveka kapena kuoneka ngati waledzera: akupatse chotsekemera ngati ukutha kumeza, ndipo ukakomoka asakuthire kanthu m'kamwa, akugoneke cham'mbali n'kufuna galimoto yopita kuchipatala. Kushopu nakonso sankha mnzako mmodzi wosunga pakamwa umuuze zomwezi, umuonetse pamene pamakhala maswiti. Mnyamatayo akamva n'kuyamba kuzemba, udzandilembere. Akafunsa kuti ndiye Loweruka tikadye kuti, muuze akupititse kumene amawotcha chambo.

Ndine Azakhali ako