Ma vector tidzawadyera kuti? Yankho lili m'masewera a m'chaka cha 1979

Sabata yatha, ndikuphunzitsa Fomu 3, mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Sala, ma vector amenewa tidzawadyera kuti?" Kalasi yonse inaphulika kuseka. Ine ndinangoyankha kuti amabwera pa MSCE, belu nkulira. Koma ndikupalasa njinga kubwerera kwathu ku Njewa, yankho langalo silinandikomere. Ndiye lero ndiyankhe bwinobwino, ndipo ndiyambira pa TV yakale.

Nonse munaiona TV ya chimbuyo chachikulu ija, imene inkaonetsa mafilimu m'tinyumba ta vidiyo pa Namitete, pa Nsaru kapena pa Mpingu. M'kati mwake muli chibotolo chagalasi chopanda mpweya, dzina lake cathode ray tube, mwachidule CRT. Anachipanga koyamba ndi Karl Ferdinand Braun wa ku Germany mu 1897, chaka chomwecho J. J. Thomson anatulukira electron ku Cambridge. Kumbuyo kwa chibotolocho kuli kawaya kamene kamatenthedwa ndi magetsi, ndipo kutenthako kumatulutsa ma electron. Mphamvu ya magetsi imawathamangitsa kupita kutsogolo, nkukamenya galasi lopakidwa mankhwala otchedwa phosphor. Pamene amenyapo pamawala kadontho.

Kadontho kamodzi si chithunzi ayi. Kayenera kuyendetsedwa. Pakhosi pa chibotolocho anakulungapo mawaya, ndipo magetsi akadutsa m'mawayamo amasanduka maginito. Maginitowo amakhotetsa njira ya ma electron: mawaya ena amakankhira kumanja kapena kumanzere, ena m'mwamba kapena pansi. Kumanja ndi kumanzere ndi x, m'mwamba ndi pansi ndi y. Mwaiona graph yanu ija?

Tsono pali njira ziwiri zoyendetsera kadonthoka. TV imachita ngati munthu wolima mizere: imayambira pamwamba kumanzere, kumaliza mzere, kutsika pang'ono, kuyamba wina, mpaka munda wonse utatha. TV za kuno zinkalima mizere 625 pa chithunzi chimodzi, zithunzi 25 pa sekondi. Njira imeneyi imatchedwa raster. Njira inayo ili ngati mwana wojambula nyumba pamchenga ndi kamtengo. Iye sakanda bwalo lonse, amangokoka mizere imene akuifuna basi. Iyi ndiyo vector graphics.

Mu 1958, katswiri wa fiziki William Higinbotham anapanga masewera otchedwa Tennis for Two ku Brookhaven, ku America. Anawaonetsa pa oscilloscope, chipangizo chomwe chija chili m'mabuku athu a fiziki. Mu 1977 kampani ya Cinematronics inatulutsa Space Wars, makina aatali ngati kabati, oponyamo ndalama yachitsulo kuti usewere. Kenako Atari inabweretsa Lunar Lander ndi Asteroids mu 1979, Battlezone mu 1980, ndi Tempest ya mitundumitundu mu 1981. Mu 1982 kunatuluka Vectrex, kamakina ka pakhomo kobwera ndi sikirini yakeyake. Yotchuka koposa inali Asteroids, imene anaikonza Lyle Rains ndi Ed Logg. Makina ake anagulitsidwa pafupifupi 70,000.

Nchifukwa chiyani anasankha mizere? Makompyuta a nthawi imeneyo anali osauka, memory yake inali yochepa ndiponso yodula. Kusunga kadontho kalikonse ka pa sikirini kunkadya malo ambiri. Koma mzere umangofuna kudziwa poyambira, kolowera ndi kutalika kwake. Kukula ndi kolowera: si tanthauzo la vector lija munaloweza? Komanso mizereyo inkatuluka yosalala, yowala kwambiri, yopanda mano ngati sowo.

Tengani pepala la graph tiyese. Ikani pensulo pa (0,0). Yendani mabokosi 3 kumanja ndi 4 m'mwamba, kokani mzere. Kuchoka pamenepo, 3 kumanja ndi 4 pansi. Pomaliza, 6 kumanzere. Mwajambula triangle, yofananako ndi kachombo ka mu Asteroids. Tsopano phatikizani ma x: 3 + 3 − 6 = 0. Ma y: 4 − 4 + 0 = 0. Mwabwerera pomwe munayambira, ndiye kuti resultant ndi ziro. Nanga mzere woyamba uja ndi wautali bwanji? Pythagoras akuti 9 kuphatikiza 16 ndi 25, ndipo square root ya 25 ndi 5. Makina aja ankapatsidwa malangizo onga omwewa, kupita apa, kuwalitsa, kuzimitsa, kudumphira apo, nkubwereza chithunzi chonse kambirimbiri pa sekondi. Phosphor imachedwa pang'ono kuzima, diso nalo silitha kutsata liwiro lotere, ndiye umaona ngati chithunzi chaima chilili.

Fiziki sinathere pa sikirini pokha, inalinso m'kasewero kake. Mu Asteroids umayendetsa kachombo pakati pa miyala yoyandama m'mlengalenga. Ukasiya kukankha, kachomboko sikaima nthawi yomweyo, kamapitirirabe. Ukakatembenuza mphuno, kamayang'ana kwina koma nkumalowerabe komwe kankalowera. Ili ndi lamulo loyamba la Newton: chinthu sichisintha mayendedwe ake pokhapokha mphamvu ina itachikankha. Tiyerekeze kuti kachombo kakupita kum'mawa pa 3 m/s, inu nkukawonjezera 4 m/s cha kumpoto. Sikalunjika kumpoto ayi. Kadzadutsa pakati, pa 5 m/s, madigiri pafupifupi 53 kuchoka kum'mawa kupendekera kumpoto. Wosewera amene sanamve zimenezi amagunda mwala. Wophunzira amene sanamve amalemba 7 m/s, malikisi nkupita. Ndachonga ma 7 oterewa ambirimbiri, ndipo amandiwawa.

Pali kabodza kamodzi m'masewerawa. Ukakasiya nthawi yaitali, kachomboko kamachepetsa liwiro pang'onopang'ono mpaka kuima. M'mlengalenga mwenimweni mulibe mpweya woti ukagwire, kakanangopitirira. Njinga yanga imaima ndikasiya kupalasa chifukwa cha mpweya ndi kukhulana kwa matayala ndi msewu. Kumwambako zimenezo kulibe.

Nanga makinawa anathera kuti? Anali ndi mavuto awo. Sankatha kudzaza mtundu m'kati mwa chithunzi, zonse zinkaoneka ngati galimoto zamawaya zimene tinkapanga tili ana. Mizere ikachuluka, kadontho kaja kankachedwa kuzungulira ponse, chithunzi nkumaphethira. Masikirini ake ankawonongekanso kawirikawiri. Memory itatsika mtengo, raster inapambana, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1980 makampani anasiya kuwapanga. Koma ganizo lake silinafe. Zilembo za mu PDF sizisweka ngakhale muzikulitse chotani pa foni, chifukwa zinasungidwa ngati mizere ndi mikhoto, osati timadontho. Masewera a mpira a pa foni nawo amamanga osewera ndi tima triangle tambirimbiri, nsonga iliyonse ili ndi x, y ndi z yake.

Chenjezo, ndipo apa sindikuseka. Mukapeza TV yakale itatayidwa, musaitsegule pofuna kuona zomwe ndanenazi. CRT imagwira ntchito ndi mavolti masauzande ambiri, ndipo imatha kusunga magetsi ngakhale itazimitsidwa kalekale. Galasi lake likasweka limaphulika, komanso lili ndi mtovu umene ndi poizoni. Chithunzi cha m'buku nchokwanira.

Ntchito ya sabata ino nayi. Jambulani chilembo choyamba cha dzina lanu pa graph ndi mizere yowongoka yokhayokha. Lembani vector ya mzere uliwonse, ndipo pamene mwanyamula pensulo lembanipo kuti "zimitsa". Mupatse mnzanu mndandanda wa manambalawo popanda chithunzi. Akatulutsa chilembo chanu, ndiye kuti ma vector mwawamva. Mtsikana wa kumbuyo uja, yako ndidzayamba nayo Lolemba.