Difu yopanda dzina isakwere pa sikelo isanawerengedwe mano

Nyengo yokolola ikayandikira, ngolo zimasowa pa Malomo. Chimanga, soya ndi mtedza zimafuna kutuluka m'minda ya kumapiri a Ntchisi ndi Dowa, ndipo owotcherera amasakasaka maekiselo akumbuyo a magalimoto akutha kuti apangire ngolo. Ogula zitsulo zakutha nawonso amasaka ekiselo yomweyo. Pakati pa ekiseloyo pali chimphika chachitsulo chomwe amakaniko amati difu, chomwe chimagawira mphamvu ya injini kumatayala awiri ndi kuwalola kuzungulira mosiyana pokhota. Chikafika m'manja mwa wamalonda chimakhala chadzimbiri, chopanda nambala ya galimoto, mwini wake akungoti "chinali cha agogo". Wochiika pa sikelo nthawi yomweyo amalandira mtengo wa chitsulo chakufa, pomwe makaniko wa ku Kasungu kapena ku Biwi ku Lilongwe mwina wakhala akuchifuna miyezi ingapo.

Poyambira ndi pa maboti omangira tayala, chifukwa apa sipafunika sipanala. Land Rover yakale ili ndi maboti 5 otalikirana, pa bwalo la mamilimita 165. Toyota Hilux yokoka matayala onse ndi Land Cruiser zakale zili ndi 6 pa bwalo la mamilimita 139.7. Peugeot 504 ili ndi 4, pamene Peugeot 404 ya saluni ili ndi 3 okha. Kuwerenga kumeneku sikutchula dzina lenileni, koma kumachotsa magalimoto ambiri pa mndandanda. Kenaka chimphikacho chitsukidwe ndi palafini ndi bulashi ya waya. Manambala otukuka pa chitsulo ndi kachikwangwani kopanidwa ndi boti zijambulidwe pa foni dzuwa likuwomba cham'mbali, apo ayi zilembo sizioneka. Kupala ndi gilayinda kumafufuta umboni womwe ukufunidwawo.

Chomwe makaniko amafunsa asanafunse china chilichonse ndi resho, kutanthauza kuti shafti yochokera ku giyabokosi imazungulira kangati kuti matayala azungulire kamodzi. Izi zimadziwika difu isanatsegulidwe. Ekiselo ikhale pa njerwa, tayala limodzi aligwire mnzake kuti lisayende, ndipo choko chilembedwe pa tayala linalo ndi pamphuno ya difu pomwe shafti imamangidwa. Tayala lomasukalo lizungulire kawiri kathunthu, kwinaku wina akuwerenga maulendo a mphunoyo. Kawiri, osati kamodzi, chifukwa tayala limodzi likagwidwa, magiya ang'onoang'ono a m'kati amagawa ulendo pakati. Mphuno ikazungulira kanayi ndi kuposera pang'ono theka, resho ili cha pa 4.6 kapena 4.7. Wofuna yankho lolondola azungulitse tayala ka 20, nambala yotuluka aigawe ndi 10.

Difu ikatsegulidwa nkhani imaphweka. Mano a giya yaikulu yozungulira awerengedwe, dzino loyamba litapakidwa choko, kenaka mano a giya yaing'ono yoloza kutsogolo, ndipo nambala yaikulu igawidwe ndi yaing'ono. Mano 47 ndi 10 amapereka 4.7, resho ya Land Rover za Series. Mano 46 ndi 13 amapereka 3.54, ya Range Rover yakale ndi Defender. Zimphika ziwirizi zimafanana kunja ngati mapasa, ndipo apa ndi pomwe ambiri agwa m'mbuna. Pa galimoto yokoka matayala onse, difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kukhala za resho imodzi. Zikasiyana, magiya amalimbana okhaokha mpaka china chithyoke, ndipo mwini galimoto amabwerera kwa amene anamugulitsa, osati kwa amene anamanga. Mafakitale ambiri, kuphatikizapo Nissan, amadinda mano awiriwa m'mphepete mwa giya yaikulu, monga 37:9 kapena 39:10.

Nanga mbiri yoti difu zina n'zamagalimoto ampikisano ndipo n'zodula? Ili ndi pomwe inachokera. Magalimoto amene ankapambana mpikisano wa East African Safari anali a mitundu yomweyi yomwe inkayenda m'misewu yafumbi ya m'maiko athu ano. Peugeot 404 inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, Datsun 1600 SSS mu 1970, Datsun 240Z mu 1971 ndi 1973, Peugeot 504 mu 1975. Koma mtundu kukhala umodzi sikuti galimoto iliyonse inathamangapo. Yodutsa pa msewu wa Kasungu ndi Nkhotakota inkanyamula fodya ndi usipa, ndipo wamalonda wouza wogula kuti difu yake ndi yampikisano popanda umboni akungodziwonongera dzina.

Chizindikiro choyenera kuchilabadira ndi ichi. Matayala onse ali m'malere, limodzi likazunguliridwa kutsogolo, pa difu wamba linalo limabwerera m'mbuyo. Onse akapita mbali imodzi, pali zinthu ziwiri. Mwina m'kati muli timbale togwirana tomwe timaletsa tayala limodzi kuterereka lokha m'matope, ndipo difu yotere amaifuna othamangitsa magalimoto ndi oyenda m'misewu yoipa, mtengo wake n'kukwera. Mwinanso wina anangowotcherera magiya ang'onoang'ono kuti agwirane. Yowotchererayo ndi yachabe pamsewu, ndipo pa ngolo imazunza ng'ombe pokhota chifukwa tayala limodzi limangokhukhuluzika. Kusiyanitsa kwake n'kutsegula basi.

Ya 404 ya saluni ili ndi chinsinsi chake. M'malo mwa giya ziwiri zachitsulo, ili ndi shafti yopota ngati sikuluwu yomwe imayendetsa gudumu la bulonzi, lachikasu ngati mkuwa. Maginito sagwira pamenepo. Ngakhale itatheratu, gudumu limenelo lichotsedwe ndi kupimidwa palokha, chifukwa kilogalamu ya bulonzi siifanana mtengo ndi ya chitsulo wamba. Ikakhala yamoyo, wogula auzidwe kuti oyilo wamba wa difu amadya bulonzi.

Opanga ngolo ali ndi mwayi wina pa ekiselo ya Land Rover. Matayala ake amayenda pa mabering'i awoawo kunja kwa chubu, ndipo mashafti a m'kati sanyamula katundu. Difu ndi mashafti awiriwo zingathe kutuluka ndi kugulitsidwa kwa makaniko, mabowo n'kutsekedwa kuti fumbi lisalowe, ngolo n'kumayendabe bwinobwino, yopepukirapo. Pa maekiselo a saluni ndi mapikapu ambiri izi sizitheka, chifukwa shafti ikatuluka tayala limatuluka nayo.

Mtengo umatsikira pa mano obenthuka, mano okumbika ndi dzimbiri, ndi tizitsulo tonyezimira mu oyilo. Mphuno ikamagwedera mmwamba ndi pansi, mabering'i atha. Uthenga wopita kwa ogula a ku Malangalanga pa WhatsApp ukhale ndi maboti a tayala, mano awiri aja, kutalika kwa ekiselo yonse ndi zithunzi za manambala. Ogula awiri kapena atatu afunsidwe asanayankhidwe woyamba. Dzina ndi mudzi wa amene anabweretsa chitsulocho zilembedwe m'kope tsiku lomwelo, chifukwa ngolo zimabedwa, ndipo apolisi akafika amayamba ndi amene ekiselo yapezeka pakhomo pake.